Korali Palichero

Anthu a pa Neno Boma pano amati ine Stelia ndili ndi pakamwa, ndipo sindikana. Mimba ya mwana wa atelala ndinaidziwa ine mayi ake asanaidziwe. Koma nkhani iyi ndi ya m'nyumba mwathu, ndiye yandikhala pakhosi miyezi itatu, osamezeka, osalavulika.

Adadi anga, a Gregory, anakhala ku Joni zaka naini, ku Debeni. Anzawo ankagwira ntchito ya m'magadeni ndi yomanga, iwo ankagwira m'shopu yogulitsa nsomba zosadya. Eti nsomba zongoyang'ana basi. Pobwerera kumudzi anthu amabwera ndi firiji, mawailesi, ena njinga yamoto. Adadi anabwera ndi thanki yagalasi yokulunga m'mabulangete atatu, sola, batire, pampu yoyendetsa madzi m'thankimo, ndi kabokosi komwe anakafungatira pamiyendo ulendo wonse wa pa basi. M'kabokosimo munali makorali.

Korali ukamuona ungati ndi mwala wophuka nthambi. Koma ndi wamoyo. Ali ndi khungu lopyapyala lamtundu, ndi timilomo tambirimbiri tomwe timatseguka akamva chakudya m'madzi. Amafuna madzi a m'nyanja yamchere, osati a pamjigo, ndipo kuno kumapiri nyanja yamchere timangoiona pa foni. Madziwo ankatibweretsera a Yakubu a golosale, chifukwa mng'ono wawo amayendetsa thiraki ya ku Nacala ndipo ankabwera ndi zigubu zinayi mwezi uliwonse.

Amayi thanki ija sanaikonde chiyambire. Ankaitchula kuti mkazi mnzawo.

"Zaka naini ndikudikira mwamuna," ankatero akusesa pabalaza, "kubwera ndi miyala. Miyala yake yofuna kuwothetsa m'Juni, kuipepesa ndi mabotolo a madzi ozizira m'Okutobala. Ine ndani anandifunsapo ngati ndikumva kutentha?"

"Iwe Nangozo ukatentha umanena," adadi ankayankha. "Awa sanena."

Chaka chatha adadi anagwa m'munda wa mbatatesi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinafooka, kamwa n'kupindikira mbali imodzi, koma mutu unali bwinobwino. Adokotala a mafupa anatiuza mosabisa kuti munthuyu aziyenda tsiku lililonse, akangogona mwendowu uuma ndipo sadzadzukanso. Vuto linali loti adadi panja ankakana. Ankati anthu amawayang'ana. Apa ndivomere, mbali ina ndi ine, chifukwa ndinakafotokoza kumjigo za tsiku lomwe anagwera kubafa thaulo n'kuwavuka, ndipo nkhaniyo inayenda mpaka inawapeza eni ake.

Ndiye ulendo wokha womwe ankalola unali wochoka kuchipinda kufika pabalaza, pampando woyang'anana ndi thanki. Ankauyenda okha ndi ndodo, m'mawa, masana ndi madzulo, kukoka mwendo uja pasimenti, thukuta lili kamukamu. Mukanena kuti bambo tiyeni tikaone nkhuku, ayi. Koma mungonena kuti madzi a m'thanki achita ngati mbuu, mumva ndodo go, go, akubwera. Amayi ndi ine tinkadziwa tonse, ngakhale sitinkakambirana, kuti chikuyendetsa mwendo uja ndi makorali.

Manja awo ndinakhala ine. Iwo pampando kulamula, ine mkono m'madzi mpaka m'khwapa.

"Site, pang'onopang'ono. Si mbale zimenezo."

"Ndikuchita pang'onopang'ono, adadi."

"Pakamwa pokha ndiye pali pa liwiro la minibasi."

Mu Ogasiti a Yakubu anabwera ndi mphatso. Mng'ono wawo anatola mwala wokongola kunyanja ku Nacala, wa mawanga apinki, n'kuuika m'chigubu chodula pakamwa. A Yakubu anaunyamula okha kuchoka kugolosale, akumwetulira njira yonse. Adadi anadziwa kuti mwala wachilendo suyenera kulowa m'thanki usanakhale paokha milungu ingapo. Anandiuza okha pambuyo pake. Koma munthu wakupatsa madzi zaka ziwiri osakulipiritsa, waimirira pabalaza pako akudikira kuti aone mphatso yake ili m'madzi, ungamuuze kuti dikirani ndiuunike kaye ngati uli ndi matenda? Anati, "Site, uike pakona apo." Ndinauika.

Patatha milungu itatu korali mmodzi anayamba mawanga oyera, ozungulira, ngati munthu wamudinda ndi kumbuyo kwa machesi. Adadi anandituma kuti ndimutulutsire m'beseni ndi kumupopera madzi ndi jekeseni wopanda singano. Panagwa tinthu tophwatalala, tofiirira, tating'ono kuposa nsikidzi, tikuyenda motsetsereka pansi pa beseni. Ine ndinangotitcha nsikidzi za m'madzi. Adadi anayang'anitsitsa tinthuto.

"Ku shopu tikaona izi," anatero, "abwana ankatseka chitseko n'kuyamba kutukwana m'zilankhulo zitatu."

"Ndiye mankhwala ake?"

"Alipo. Amapha zazikulu. Mazira samva."

Makorali analipo seveni. Pofika kumayambiriro kwa Okutobala anatsala mmodzi. Enawo ankayera kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mpaka kutsala chigoba choyera ngati fupa, ndipo ine ndinkatulutsa zigobazo n'kukaziika kuseri kwa khola adadi asakuona, ngati kuti sadziwa kuwerenga. Wotsalayo tinkamutcha Nyanga, chifukwa nthambi zake zinali ngati nyanga za gwape. Anali wobiriwira, nsonga zake zabuluu. Ameneyu abwana awo a ku Debeni anawapatsa ali kachidutswa ngati chala cha mwana, ndipo anamulera mpaka kukula ngati manja awiri ophatikiza.

Masiku anayi aliwonse tinkamusambitsa. Mabeseni awiri, onse a madzi a m'thanki. M'loyamba madontho teni a mankhwala ofiirira onunkha ngati kuchipatala, ochokera m'kabotolo komwe adadi anabwera nako ku Joni. Nyanga alowe mmenemo maminitsi faifi, ine ndikupopera m'mipata monse, nsikidzi zikugwa ngati gaga. Kenako ndimutembenuze, ndisake mazira, timadontho tachikasu tounjikana kunsi kwa nthambi, ndipale ndi leza. Kenako m'beseni lachiwiri kumutsukuluza, n'kumubwezera m'thanki. Masiku awiri amaoneka ngati wapeza bwino. Lachitatu mawanga ena atsopano. Kabotolo kaja kankatsika, ndipo ku Blantyre a Yakubu anafunsa m'mafamase atatu, onse anangowayang'ana.

A Yakubu anasiya kulowa m'nyumba. Ankasiya zigubu pakhonde n'kupereka moni ali panja. Adadi ankakuwa ali pampando, "Lowani achimwene, mwala suluma," koma iwo ankati asiya golosale yopanda munthu.

Chakudya adadi anayamba kubweza. Amayi anayesa nkhuku, anayesa mpunga, anayesa manachesi owasendera kale. Tsiku lina ndinawapeza amayi ataima pakhomo la pabalaza, chitenje m'manja, akuyang'ana msana wa adadi. Anandikokera kukhitchini.

"Kodi zilombo zakezo n'zotani?"

"Zili ngati nsikidzi, amayi. Zimabisala m'mipata, zimaikira mazira."

"Ngati anankafumbwe?"

"Eya, ngati anankafumbwe."

"Nanga mwala umenewu ukafa?"

Tonse tinayang'ana mbale ya adadi yomwe inabwerera ndi chakudya chake. Kanali koyamba kumva amayi akufunsa za thanki popanda chipongwe. Ndikanakhala wanzeru ndikanawakhazika pansi n'kuwafotokozera bwino. Koma Tisungeni, mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, anali akundiitana pampanda, ndiye ndinathamanga.

Lachinayi lotsatira linali tsiku la adadi lokawongola mwendo kuchipatala, komanso linali tsiku losambitsa Nyanga. A Yakubu anabwera ndi kagalimoto kawo kudzawatenga. Adadi ali pakhomo anatembenuka.

"Site, lero uchita wekha. Madontho angati?"

"Teni."

"Maminitsi?"

"Faifi, adadi. Ndakhala ndikuchita miyezi iwiri."

"Ndikudziwa. Manja ako ndi abwino kuposa a anyamata omwe ndinkagwira nawo ku shopu. Koma usawauze anthu, angakufunsire ukwati ndisanachire."

Ananyamuka cha m'ma naini. Dzuwa la tsiku limenelo linali lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Amayi anali atayanika nyemba pamphasa kuseri, chifukwa thumba lina linali litayamba kufumbwa.

Ndinachita zonse bwinobwino, ndipo izi ndikufuna zidziwike. Madontho teni. Maminitsi faifi pa foni. Nsikidzi zinagwa zokwana mwina makumi awiri. Mazira ndinapala malo atatu. Ndinamuika Nyanga m'beseni lotsukuluzira, pakhonde pamthunzi. Ndikuti ndipukute manja kuti ndimubwezere, Tisungeni anatulukira akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"Site, tiye. Kwa a Jeffrey ometa kwafika mzimayi wa ku Luwani. Ndi mwana kumsana, ndi chikwama, ndi ndowa."

"Ndowa?"

"Ndowa, poto, mphasa. Wabwera kudzakhala. Akuti mwanayo ndi wa a Jeffrey, ndipo mphuno yake aliyense akuiona."

Ndinayang'ana beseni. M'madzi otsukuluzira mulibe mankhwala, korali angakhalemo ngakhale theka la ola osavutika, adadi anandiuzapo okha. Kumubwezera m'thanki kumafuna kumukhazika bwino pamwala wake kuti asagwe, ndipo zimatenga nthawi. Ndinati ndingokaona mphunoyo n'kubwerera.

Kunena zoona, nkhani inali yokoma. Akazi a a Jeffrey anakhala pakhomo ndi mpando, miyendo atatambasula, kuti aone wolowa. Wa ku Luwani anayala mphasa yake pabwalo n'kuyamba kuyamwitsa. A Jeffrey anali m'kashopu kawo, akumeta munthu mmodzi yemweyo kwa ola lathunthu, mpaka munthuyo anati achimwene tsitsi latha, mwayamba khungu. Kenako kunabwera ankhoswe, kenako alongo ake a mzimayi uja pa njinga yamoto. Nthawi iliyonse ndikati ndizipita, kumafika munthu wina. Ndinadzidzimuka nditamva ana a sukulu akuweruka.

Ndinathamanga. Pakhonde beseni linalipo, madzi analimo, Nyanga munalibe. Ndinayang'ana m'thanki, ndikuganiza kuti mwina amayi amubwezera. Munalibe.

"Amayi?"

"Kuseri kuno."

Anali atakhala pamthunzi wa mpanda akusankha nyemba, nkhope yowala ngati tsiku lomwe kwaya yawo inapambana ku Magaleta. Anandilozera pathandala. Pamwamba pa thandala, padzuwa penipeni, panali lichero. Palicheropo panali Nyanga, atamuwaza phulusa pang'ono.

"Tapita ukaone," anatero. "Zonse zatuluka. Zina zauma pomwepo, zina nyerere zatenga. Inu miyezi iwiri mukulimbana ndi timadontho, chonsecho dzuwa lilipo laulere. Ndamutembenuza kawiri kuti lilowe m'mipata monse."

Ndinayandikira thandala lija. Fungo linali ngati la usipa wonyowa woiwalika m'jumbo. Ndinamunyamula, anali wotentha ngati mbale yochoka pamoto, ndipo zala zanga zinaterera pa zinthu zonanda.

"Amayi, uyu ndi wamoyo. Sakhala kunja kwa madzi."

"Ndi mwala, Site. Ndamugogoda ndi chikhadabo."

"Mkati ndi mwala. Khunguli ndiye iyeyo."

Amayi anaimirira, nyemba zinakhuthukira pansi kuchoka pachitenje. "Iwe unati ngati anankafumbwe."

"Ndinati zilombozo."

"Nanga unali kuti? Ndinakuitana katatu kuti ndikufunse."

Ndinangopita kukatenga beseni lija pakhonde. Tinamutsukuluza phulusa lija tonse awiri, amayi atagwira beseni. Nditamubwezera m'thanki, khungu lobiriwira lija linayamba kusendeka ngati la nkhuku yoviika m'madzi otentha, likuuluka m'madzi nsanzansanza, pampu ikulizunguza. Pansi pake panatsala poyera.

Galimoto inafika cha m'ma wani. Ndinamva adadi akuseka panja, akuuza a Yakubu kuti lero ayenda kuchoka pabenchi mpaka pachitseko cha chipatala osagwira khoma. Anawakakamiza kuti alowe amwe madzi, ndipo tsiku limenelo a Yakubu analola. Ndodo inagogoda pakhonde, pakhomo, kenako inasiya.

Adadi sanakhale pampando. Anaima patsogolo pa thanki, atatsamira ndodo. A Yakubu anavula chipewa chawo n'kuchivalanso.

"Site," anatero adadi, osatembenuka. "Unamusiya m'mankhwala maminitsi angati?"

Ndinali nditakonza kale bodza. Ndimati ndinene kuti ndinaiwala, anakhalamo ola, kuti mlandu ukhale wanga ndekha, poti theka lake unali wanga kale. Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anayamba ndiwo.

"Musamufunse mwana, bambo a Stelia. Ndine. Ndinamuyanika padzuwa."

"Munatani?"

"Ndinamuyanika. Palichero. Ndimati zilombo zithawe ngati mmene zimathawira m'nyemba. Ndimati mukabwera mupeze wachira, mudye."

Kuseri nkhuku zinkamveka zikupalasa nyemba zija. Mbali yamoyo ya kamwa ya adadi inakwera pang'ono, koma sikunali kuseka.

"Ndiye anankafumbwewo afa, Nangozo?"

"Afa."

"Basi, mwachiza."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, akanandigenda ndi ndodo. Anangouza a Yakubu kuti, "Achimwene, ndithandizeni, mwendo watopa," ndipo a Yakubu anawalowetsa kuchipinda atawakoleka paphewa, phazi likukwekwereza pansi.

M'mawa mwake sanatuluke. Anati mutu. Tsiku linalo anati msana. Lachinayi lotsatira a Yakubu anabwera ndi galimoto, anadikira panja mpaka dzuwa linakwera, n'kubwerera okha.

Patatha masiku anayi ndinati nditulutse chigoba chija ndikachiike kuseri kwa khola. Pochitembenuza ndinaona kunsi kwa nthambi imodzi, pomwe mwina panakhudzana ndi lichero n'kukhala pamthunzi, kachigamba kobiriwira kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Timilomo take tinayi kapena tisanu tinali totseguka. Ndinajambula pa foni n'kuthamangira kuchipinda.

"Adadi, taonani. Sanafe yense. Munati kachidutswa ngati chala kamakula."

Anatenga foni ndi dzanja lamanzere, anaiyandikiza kumaso, anakulitsa chithunzi ndi chala. Ndinaona maso awo akusaka, ngati kale.

"Ukuona apa?" Analoza m'mphepete mwa kachigamba, mumng'alu. "Timadontho tachikasuti."

"Ndipala."

"Leza safika mmenemo. Mankhwala atsala angati?"

"Osambitsa kawiri. Mwina katatu ndikachepetsa."

Anandibwezera foni. "Uzimitse pampu, Site. Batirelo muzitchajira mafoni, muziunikira kukhitchini. Amayi ako avutika ndi thankiyi kokwanira."

"Bwerani mudzaone kaye ndi maso. Pa foni sizioneka bwino."

"Ndaona."

Pampu sindinazimitse. Mankhwala ndinachepetsa, madontho sikisi m'malo mwa teni, ndipo anatha sabata yachiwiri ya Novembala. Tsopano ndimangopopera ndi madzi okha. A Yakubu amabweretsabe zigubu, palibe anawauza kuti asiye, ndipo iwo safunsa. Mwendo wa adadi wayamba kupindika pabondo, sutambasukanso wonse. Anabwera wa kuchipatala kudzawaona kunyumba, analankhula nawo nthawi yaitali, potuluka anangouza amayi kuti tiziwatembenuza pafupipafupi kuopa zilonda.

Amayi kukwaya anasiya. Anzawo akandifunsa kumjigo kuti kodi kwanu kwagwanji, ndimati adadi ndi matenda aja, basi, n'kusenza ndowa. Tisungeni akuti ndayamba kunyada.

Dzulo masana ndinali nditamutulutsira Nyanga m'beseni pabalaza. Kachigamba kaja tsopano n'kochepa kuposa njere ya chimanga, ndipo m'mphepete mwake muli banga latsopano loyera. Amayi analowa ndi madzi akumwa a adadi, anaima, anaika kapu pansi n'kugwada pafupi nane.

"Ndigwire pati?"

Ndinawapatsa jekeseni uja n'kuwaonetsa mng'alu. Anapopera pang'onopang'ono, mosamala kuposa ine. Panagwa nsikidzi ziwiri, zazing'ono, zoswa kumene.

Kuchipinda adadi anatsokomola. Tonse tinatukula mitu.

"Nangozo," anaitana.

"Bambo?"

"Tatsekani chitsekochi. Chipampucho chikundisokosa."

Amayi anandibwezera jekeseni, anapukuta manja pachitenje, n'kupita kukatseka.